Kiyi ya Laputopu ya Agogo Idzabadwa mu 2049

Aphungu,

Lemmy anene zimene afuna kunena, koma ine sindine wamantha, ndipo laputopu ija si yofuntha. Dzulo wandinyoza pamaso pa anthu pa tenofu, akuti, "Iwe Bornface, ka mashini kakuyofya monga ni bapongozi bako." Anthu anaseka, ngakhale amayi ogulitsa nthochi amene sankadziwa n'komwe chimene tinkakanganirana. Ine ndinangomanga laputopu pa keliyala ya njinga n'kubwerera kunyumba. Manje ndati ndilembere inu muweruze, ndipo muweruze msanga, chifukwa masiku atsala naini chabe.

Ndiyambe bwino. Lemmy amakonza mafoni m'kantemba pa tenofu ya ku Mpanshya, popatukira pa msewu waukulu, pamene netiweki imagwira osakwera pachulu. Ine ndimamata machubu a njinga pafupi ndi msika. Sukulu ndinalekera giredi 8, osati kuti mutu unakana, koma ine ndi mabenchi sitinkamvana. Laputopu si yanga. Ndi ya ba Mordecai, ang'ono awo a agogo anga aamuna, ndiye nawonso ndi agogo anga, ndipo ndimakhala kwawo. Mukudziwa mmene mdzukulu amaseleulana ndi agogo ake. Iwo amati ndikufuna kuwalanda mkazi, ine ndimati mkaziyo anatopa nawo kalekale akungodikira ine ndigule njinga yamoto.

Ba Mordecai anaphunzitsa ana zaka makumi atatu, kenako maso anayamba kuzima pang'onopang'ono mpaka anatheratu. Mwana wawo wotsiriza, anti Edness, amaphunzitsa makompyuta ku Kabwe. Ndi iwo amene anaika sisitimu ya Linux mu laputopu yakale, pamodzi ndi mawu oti iziwawerengera agogo chilichonse chimene chili pa sikirini. Agogo amalemba ndi zala zonse khumi, liwiro loti ine wamaso awiri ndimachita manyazi, laputopu n'kumawabwezera zimene alemba. Anaipatsa dzina loti Kalaliki. M'mawa uliwonse asanamwe tiyi amadina mabatani awiri, Kalaliki n'kuwauza tsiku ndi nthawi ndi mawu ake aja a munthu wachimfine.

Anti Edness akukwatiwa Loweruka la sabata ya mawa. Agogo atha miyezi itatu akulemba mawu oti adzayankhule pa phwando. Palibe amene anawamvapo, ngakhale agogo aakazi, ba Rosina, chifukwa amalemba atavala mahedifoni. Ine anandiuza poyera, "Woyamba kumva mawu awa ndi Edness. Ukadzatsegula fayilo imeneyi ndidzadziwa, chifukwa iwe ukabisa chinthu umapuma ngati mbuzi." Sabata ziwiri zomalizazi anaziika padera kuti azimvetsera n'kumaloweza pamtima, kuti tsikulo adzaime okha, opanda wowanong'oneza.

Lolemba m'mawa, agogo ali kubafa, ndinasintha chaka mu laputopu kuchoka pa 2025 kufika pa 2049. Poyamba inakana, akuti nthawi imadzitengera yokha pa netiweki. Ndinazimitsa chimenecho, inavomera. Agogo atabwera n'kudina mabatani awo, Kalaliki ananena tsiku, mwezi, ndi chaka cha 2049, osaseka n'komwe. Agogo anaitana, "Rosina, bwera udzamve. Ndagona zaka twente-folo, ndipo tiyi sunabweretsebe." Agogo aakazi anayankha ali kukhichini, "Mumufunse ngati mu 2049 Bornface wakwatira." Agogo anati, "Usamafunse makina zinthu zosatheka." Tinaseka mpaka tiyi anazizira. Nthabwala inayenda bwino, Aphungu, ine ndekha ndinadzipatsa mamalikisi onse. Chimene ndinaiwala ndi kubweza chaka.

Tsiku lomwelo agogo anadandaula kuti Kalaliki wayamba chibwibwi, mawu akudukaduka. Anti Edness anandisiyira kabuku kolemba pamanja ka mmene ndingapangire apudeti, ndipo kamodzi pa mwezi ndimapalasa kupita nayo ku tenofu. Ndiye ndinapita. Nditafika, nzeru za machubu zinandibwerera: chubu chikavuta umachotsa, n'kuika chatsopano. M'kabuku munalibe zimenezo, koma ndinati kabuku sikangalembe zonse. Kuchotsa mawu a Kalaliki kunatenga nthawi yochepa kuposa kuyetsemula. Kuwabwezera ndiye kunakanika. Pulogalamu inatsika yonse bwinobwino kuchoka pa intaneti, koma itafika pakhomo laputopu inati ayi. Inalemba mizere yambiri ya Chizungu, ndipo mawu amene ndinagwirapo ndi signature, invalid ndi expired. Ndinayesa kasanu. Kasanu konse inakana mofanana, mosakwiya, ngati nesi amene wakuuza kale kuti dikira panja.

Ndinakhala pa benchi ya Lemmy n'kuyamba kuwerenga pa foni, Chizungu changa cha giredi 8 chikutuluka thukuta. Aphungu, zimene ndinapeza zikundizungulirabe m'mutu. Kani pulogalamu iliyonse imabwera ngati phukusi, ndipo phukusi lililonse lili ndi munthu amene analimanga n'kusainapo. Munthu weniweni. Dzina lake linali pomwepo pa sikirini, lalitali loti lilime limapunthwa pakati. Sandidziwa, za Mpanshya sanamvepo, mwina kwawo kukugwa chipale chofewa pamene ine ndikuingitsa ntchentche. Siginecha yake si ya bolopeni yoti nditha kuikopera monga ndinkakoperera ya amalume pa lipoti ya kusukulu. Ndi masamu, opangidwa ndi kiyi imene ali nayo iye yekha, ndipo wina akangosintha kadontho kamodzi m'phukusimo panjira, masamuwo sagwirizananso. Komanso kiyi yake siingokhulupiriridwa chifukwa wavala tayi. Pamafunika akuluakulu angapo a gulu lawo amuchitire umboni ndi makiyi awo. Ndipo kumapeto kwa mzere wonsewo, laputopu ya agogo ili ndi kiyi yakeyake, imene imati akuluakulu awa ndawavomereza ndine.

Ife kuno tikatumiza thumba la mbatata pa minibasi, kondakitala amapatsa aliyense amene watchula dzina n'kumwetulira. Koma kachinthu kakale aka, kothyoka kona, komangidwa ndi mphira pa keliyala yanga, kamafunsa phukusi lochokera kutsidya kwa nyanja kuti wakutuma ndani, nanga amene wakutumayo akumudziwa ndani. Ndinakayang'ana kwa nthawi yaitali. Ndinamva monga ndinamvera tsiku loyamba kuona madzi aku Chinyunyu akutuluka pansi akuwira popanda wosonkhezera moto.

Wina pa intaneti analemba kuti makiyi akasokonezeka, utaye thumba lonse la makiyi, laputopu ipange kiyi yake yatsopano n'kulandiranso makiyi a akuluakulu aja. Ndinachita ndendende. Inapanga kiyi yatsopano, ine n'kudzimenya pachifuwa. Nditayesanso kuika mawu, inakana monga kale. Dzuwa litapendeka ndinabwerera kunyumba. Agogo atafunsa, ndinati, "Kalaliki akupuma, wadya apudeti yaikulu." Anati, "Chabwino, nayenso ndi wantchito." Pamenepo m'pamene ndinanama, ndipo bodzalo likadali chiimire.

Lachiwiri m'mawa ndinaona pakona pa sikirini: 2049. Ndinadziwomba pamphumi. Zoona, mu 2049 makiyi a anthu aja anatha kale ntchito, chifukwa nawonso ali ndi tsiku lothera ngati mankhwala. Ndinabweza chaka, ndinapalasa ngati ndikuthamangitsidwa, ndinafika pa tenofu ndikuimba. Inakananso. Koma ulendo uno inasintha mawu, inati unknown trust, kutanthauza kuti sikudziwa ngati munthu wosaina uja ndi wokhulupirika. Nditafufuza kwambiri inatulutsa mzere wina. Inati kiyi ina inapangidwa 8765 days in the future. Inachita kuwerenga ndi masiku omwe.

Ndinamvetsa ndili chiimire. Kiyi yatsopano ija ndinaipanga Lolemba, laputopu ikuganiza kuti ndi 2049, ndiye tsiku lake lobadwa linalembedwa 2049. Manje tabwerera ku 2025, laputopu ikuyang'ana kiyi yake yomwe n'kunena kuti uyu sanabadwe, umboni wake sindingaulandire. Ndinayesa kuchenjera, ndinabwerera ku 2049. Kumeneko kiyi yathu ili moyo, koma makiyi a osaina aja anafa. Ndikabwera ku 2025 awo ali moyo, yathu ndiye kulibe. Ndinapita n'kubwera katatu, zaka twente-folo ulendo uliwonse, nditakhala pa benchi imodzimodzi. Palibe chaka chimene onse akukumana. Aphungu, ine ndaseka anthu ambiri pa moyo wanga, aphunzitsi, akatekisiti, apolisi a pa rodibuloko, ndipo onse amatha kukwiya kapena kuseka nawo. Aka sikakwiya, sikaseka. Kanangotenga nthabwala yanga ngati zoona n'kuisunga.

Mudzati bwanji osafunsa anti Edness. Anti ali kwa alangizi kuyambira Lamulungu, m'nyumba ya kuseri kwa chigayo, ndipo foni anawalanda. Ndinapitako. Ba Petronella, mkulu wa alangiziwo, anandikumana ndisanatsike n'komwe pa njinga. Anati, "Iwe mwana, amuna amathera pa mtengo uwo. Foni ya mkwatibwi ili pa mfundo ya chitenje changa, ituluka Lachisanu la sabata ya mawa." Ndinati, "Amayi, ndi nkhani ya kompyuta, mphindi ziwiri chabe." Anati, "Kompyutayo ikadzapeza mwamuna ubwere nayo, tidzailangiza." M'nyumba munamveka kuseka, ng'oma n'kuyambiranso. Lachisanu limenelo ndi tsiku limodzi ukwati usanachitike. Agogo sangaloweze mawu a miyezi itatu pa tsiku limodzi.

Ndiye dzulo Lemmy anatenga foni yanga, anawerenga pang'ono, n'kunena, "Boi, ni easy. Mu fayilo iyi ufaka chabe Never, kasiya kufunsa vamasiginecha, kazalandila vonse." Ndipo n'zoona, malowo alipo, mawu amodzi okha. Anati, "Nakonza mafoni zaka seveni, kulibe foni inanifunsapo siginecha. Ivi baikilako chabe kuti tizivutika." Ndinati nanga phukusi likakhala kuti wina waikamo zake? Anati, "Nani angafune kuba vamu laputopu ya mudala wamu Mpanshya? Azabamo chani, nyimbo za kwaya?" Anati ngati ndikuopa, andifufutire zonse aikemo sisitimu ya pa fulashi yake. Fulashi imeneyo, Aphungu, yalowa m'mafoni ndi m'makompyuta a boma lonse la Rufunsa, imabwera ndi nyimbo zaulere ndi matenda aulere.

Sindinama, fayilo imene Lemmy ananena ija ndinaitsegula, chala chinafika pa batani. Koma ndinaganiza za anthu onse aja, wina kuchitira umboni mnzake, mnzakeyo kuchitira wina, mzere wonse kuchoka kumene kuli chipale chofewa mpaka pa tebulo la agogo, ndiye ine womata machubu ndidule ndi mawu amodzi chifukwa ndinachita chibwana Lolemba? Ndinatseka. M'pamene Lemmy ananena za apongozi zija. Ine ndinamuyankha kuti foni iliyonse imene wakonza imabwerako ndi sikuluu imodzi yotsala, anthu anasekanso, koma kunena zoona sindinapambane, chifukwa iye anatsala ndi kantemba kake, ine ndinabwerera ndi Kalaliki wosayankhula.

Lero ndi tsiku lachinayi Kalaliki asakuyankhula. Agogo amakhala pansi pa mtengo wa mango, mahedifoni ali m'khosi, zala zikulemba pa maondo. Agogo aakazi anati aitane mwana wa aneba adzawawerengere pa sikirini, iwo anakana. M'mawa uno anandiitana, anati, "Bornface, ndime yoyamba ndi yachiwiri ndazigwira. Yachitatu ikundithawa, ndipo ndi imene ikunena za amayi ake a amayi ake a Edness. Kalaliki adzuka liti?" Ndinati posachedwa. Ndinapuma ngati mbuzi, ndipo ndikudziwa kuti anamva.

Ndiye ndiuzeni. Ndichite za Lemmy kamodzi kokha, mawu abwere, kenako ndibwezeretse? Kapena pali njira yoti kiyi ibadwe chaka chino? Nanga agogo ndiwauze, kapena ndikonze kaye kuti ndidzawauze tikuseka? Nambala yanga ndalemba pansipa. Ndisaina ndi zilembo monga amachitira anzanga, ngakhale dzina ndalitchula kale kangapo ndipo ku Mpanshya kulibe wina amene angatumize agogo ake ku 2049.

B. S., Mpanshya

Bornface,

Pa mkangano wako ndi Lemmy wolondola ndiwe. Usadzitukumule, chifukwa pa zina zonse wolakwa ndiwenso.

Ine za makompyuta ndimadziwa poyatsira ndi pozimitsira, choncho kalata yako ndinaipereka kwa Mwaka, mayi amene amasamala makompyuta athu kuno ku nyuzipepala. Anaiwerenga ataimirira. Anaseka pa 2049, ndipo atafika pa masiku 8765 anakhala pansi n'kunena kuti pa zaka zonse za ntchito yake sanaonepo munthu akulongosola vuto limeneli momveka chonchi. Anafunsa kuti unaphunzira kuti. Ndinamuuza za mabenchi. Poti tsamba lino likanatuluka mochedwa, tinakuimbira Loweruka m'mawa. Zimene tinachita ukuzidziwa, koma ndikuzilemba kuti uzimate m'kabuku ka anti ako, ndiponso kuti athandizike ena amene makompyuta awo akukana maphukusi.

Mawu amodzi a Lemmy akanagwira ntchito, zimenezo n'zoona. Koma kuyambira pamenepo chilichonse chobwera chikanalowa osafunsidwa, kaya chinaduka panjira netiweki itagwa, kaya wina anachisintha. Sikuti wakuba amachita kusankha Mpanshya. Amatchera paliponse n'kudikira amene wasiya chitseko. Ndipo laputopu iyi ndi ya munthu amene sangaone kuti pa sikirini payamba zachilendo. Ukuti ukanazimitsa kamodzi kokha n'kubwezeretsa. Iwe amene unaiwala kubweza chaka?

Funso lako lomaliza ndi limene ndinayamba nalo. Ndinakuuza kuti Mwaka sanena kanthu mpaka upereke foni kwa agogo ako, iwe uli pomwepo, uwauze ndi pakamwa pako. Nthabwala ya chaka inali yanu nonse, iwo anaseka nawo. Bodza la apudeti yaikulu linali lako wekha, ndipo unalinena kwa munthu amene amadalira mawu a ena kuti adziwe zimene zili patsogolo pake. Unawauza, ndipo ndinakunyadira. Iwo anangoti, "Ndinadziwa Lolemba lomwelo. Ndimafuna ndione kuti mbuzi ipuma masiku angati." Kenako anati ku tenofu apita nawo. Ndikumva kuti anthu a pamsika anaona mphunzitsi wawo wakale ali pa keliyala ya njinga yako, laputopu ataikumbatira pachifuwa.

Tsopano njira yake. Lamulo lililonse lolemba mu laputopu pano uyambe ndi mawu oti sudo.

Usanakhudze kanthu, kopera fayilo ya agogo pa fulashi yabwino, osaitsegula. Osati fulashi ya Lemmy.

Kenako nthawi. Kulemba chaka ndi dzanja sikukwanira. Yatsanso chija unazimitsa: timedatectl set-ntp true, laputopu ili pa netiweki. Dikira pang'ono, lemba timedatectl palokha, uone kuti tsiku ndi ola zili bwino ndiponso kuti yavomera kuti yagwirizana ndi nthawi ya pa netiweki. Mwaka akuti anthu ambiri amene amalira ndi masiginecha vuto lawo limathera pomwepa, makamaka a makompyuta akale amene kabatire ka wotchi kanatha. Iwe unalumpha sitepe imeneyi n'kuthamangira makiyi, n'chifukwa chake unapanga kiyi ya chaka chimene sichinafike.

Nthawi ikakhala bwino, m'pamene ukhudze thumba la makiyi. Usalitaye monga unachitira Lolemba, ungoliika pambali ndi dzina lina: mv /etc/pacman.d/gnupg /etc/pacman.d/gnupg.yakale. Ukatero lemba pacman-key --init kuti laputopu ipange kiyi yake, yobadwa lero. Kenako pacman-key --populate kuti kiyi imeneyo ivomereze akuluakulu aja. Makiyi awo amachokera m'laputopu momwemo, mmene anti ako anawaika, osati kwa munthu wa pa intaneti amene wakuuza kuti landira iyi.

Osaina amasintha, ena amalowa, ena amachoka, choncho phukusi loyamba kutsitsa likhale la makiyi: pacman -Sy archlinux-keyring, ndipo nthawi yomweyo pacman -Su kuti zonse zikhale za msinkhu umodzi. Pomaliza bwezera mawu amene unachotsa. Ikakuuza kuti phukusi lina ndi lowonongeka n'kufunsa ngati ilifufute, vomera, itsitsenso. Pa netiweki ya pa msewu zimenezi zimachitika. Ikakanabe phukusi limodzi lomwelo kawiri katatu, ima pomwepo, jambula uthengawo, dikira anti ako. Kukana kumeneko ndiyo ntchito yake.

Pali china chimene uyenera kuchimva pamaso pa owerenga onse. Tikudikira kuti maphukusi atsike, Mwaka anafunsa ngati unayesapo mahedifoni ena usanachotse mawu. Unati ayi. Lemmy anatenga mahedifoni a agogo, anawaika pa foni yake, anapinda waya pafupi ndi pulagi, nyimbo n'kuyamba chibwibwi. Kalaliki sanadwalepo. Waya ndiye anaduka mkati, ndipo amene anamulumikiza ndi Lemmy yemweyo, pa mphindi zisanu, akuimba mluzu kuti umve bwino. Ukamupepese za sikuluu zija. Iye salemekeza masiginecha, iwe sunayang'ane waya, ndipo pa msewu umenewo mufunana.

Chenjezo langa ndi ili. Seka ndi agogo ako mmene ungathere, mwambo ukukulola ndipo iwo zimawasangalatsa. Koma wotchi ya laputopu uichotse pa zoseweretsa zako, ndipo chimene sichili m'kabuku usachichotse usanafunse. Anti ako akatuluka kwa alangizi uwauze zonse wekha, ukwati ukatha, asanazimve kwa ba Petronella. Uwafunsenso kumene munthu angaphunzire zinthu zimenezi popanda kukhala pa benchi tsiku lonse. Mwaka akuti malo otero alipo, ndipo ukazengereza adzakuimbira yekha.

Foni inali ikadali pa mzere pamene unazimitsa laputopu n'kuiyatsanso. Kuno tinangomva malole akudutsa pa msewu waukulu, ndipo Mwaka anatseka maso. Kenako kunamveka mawu achimfine aja, patali, akutchula chinachake m'Chizungu. Lemmy anati, "Ah, kakamba." Tinamva mabatani awiri akudinidwa, Kalaliki n'kunena tsiku, mwezi, ndi chaka cha 2025. Agogo ako anayankhula pambuyo pake, ndipo ine sindionjezerapo kanthu.

"Tabwerako. Ndipatse mahedifoni, ndipo nonse musunthire uko. Ndime yachitatu si yanu."